Kodi Loki wa Marvel anasinthadi mtima?

Anzanga okonda makomiki, ndithandizeni pa nkhani ya Loki wa m'makomiki a kampani ya Marvel, chifukwa yandizunguza mutu.

M'nthano zakale za anthu a ku Scandinavia, Loki salapa. Ndi iye anapusitsa mulungu wakhungu Höðr kuti aphe m'bale wake Baldr, ndipo milungu inamumanga, njoka n'kumamudonthezera ululu kumaso mpaka tsiku la Ragnarök, nkhondo ya kutha kwa dziko. Marvel itamubweretsa mu 1962 ngati mdani wa Thor, anali kathyali weniweni, moti chiwembu chake n'chimene chinasonkhanitsa gulu la ngwazi la Avengers mu 1963.

Koma atafa m'nkhani ya Siege mu 2010 n'kubadwanso ali mwana, mlembi Kieron Gillen anamulemba ngati kamnyamata kofunitsitsa kuchita zabwino, komwe ku Asgard, kwawo kwa milungu, palibe ankakakhulupirira. Kankanamabe, koma pofuna kupulumutsa anthu. Apa mpamene mtima wanga unamumvera chisoni. Kenako mlembi wina, Al Ewing, anamusandutsa mulungu wa nthano m'malo mwa mulungu wa mabodza.

Funso langa nali: uku n'kusintha mtima, kapena ndi bodza lomwelo lavala malaya atsopano? Kalulu wa m'nthano zathu atasiya kupusitsa Fisi, tingamutchebe Kalulu?

Komanso amene munawerenga zonsezi, ndiyambire pati kuti ndione bwino pamene anatembenukira? Ndipo alipo wochenjera wina, monga mulungu Hermes wa m'makomiki a Wonder Woman, amene anayenda njira yotereyi?