Kodi n'koyenera kuti achinyamata amene anasowapo pogona azifotokoza mbiri yawo pagulu?

Mphunzitsi wa sekondale analemba:

Ndaona kuti mabungwe ambiri othandiza achinyamata osowa pokhala ayamba kuika patsogolo anthu amene vutoli linawachitikira, kuti iwowo azilankhula pa wailesi, pa misonkhano ndiponso pa masiku monga 12 Epulo, tsiku lokumbukira ana a m'misewu, kapena 10 Okutobala, tsiku lokumbukira anthu osowa pokhala padziko lonse. Ndikuvomereza kuti mawu awo amakhudza mtima, komabe ndili ndi nkhawa. Kodi kumupempha munthu kuti azibwerezabwereza nkhani yowawa pamaso pa anthu osawadziwa sikukhala kutosa chilonda chimene chinayamba kupola? Nanga phindu lake n'chiyani, kupatula kuti omvera agwetse misozi ndi kupereka ndalama?

Wogwira ntchito yosamalira ana anayankha:

Aphunzitsi, nkhawa yanu ndi yomveka, koma phindu lilipo ndithu. Ambiri a ife tikamva za wachinyamata wosowa pokhala timaganiza za mwana wogona pakhonde la sitolo, pamene ochuluka saonekera n'komwe, chifukwa lero agona kwa mnzawo, mawa kwa wachibale, mkuja kwa munthu amene akufuna kuwadyera masuku pamutu, ndipo m'mawa amavala yunifolomu n'kubwera m'kalasi mwanu. Kafukufuku wa bungwe la Chapin Hall ku yunivesite ya Chicago, amene anatuluka mu 2017, anapeza kuti ku America wachinyamata mmodzi pa 10 alionse a zaka 18 mpaka 25, komanso mmodzi pa 30 alionse a zaka 13 mpaka 17, amasowa pokhala nthawi ina m'kati mwa chaka. Moyo wobisika woterewu amene angaufotokoze bwino ndi amene anaukhala.

Komanso kumvedwa ndi ufulu wawo. Gawo 12 la Pangano la Ufulu wa Ana la mu 1989 limanena kuti mwana amvedwe pa nkhani zomukhudza, ndipo komiti ya bungwe la United Nations yoona za ufulu wa ana, isanatulutse ndemanga yake ya nambala 21 yokhudza ana a m'misewu mu 2017, inayamba yamva maganizo a ana ndi achinyamata 327 a m'mayiko 32.

Mayi amene anasowapo pogona anayankha:

Ine ndinachoka pakhomo ndili ndi zaka 16 chifukwa cha nkhanza za bambo wondipeza, ndipo kwa zaka pafupifupi ziwiri ndinalibe malo oti ndingawatche kwathu. Choncho ndikuyankhani monga munthu amene anaimapo pa nsanja zimene mukunenazo.

Poyamba ndinkavomera kulikonse kumene andiitana, poganiza kuti kukana kukhala kusayamika anthu amene anandithandiza. Chimene chinkandipweteka n'chakuti ondifunsa ankangofuna kumva za usiku umene ndinavutika koposa, ndipo ndikayamba kunena zimene ziyenera kusintha, woyendetsa mwambo ankandiuza kuti nthawi yatha. Bungwe lina linaika chithunzi changa pa intaneti osandifotokozera kuti chikhala pamenepo mpaka liti, moti patapita zaka, pofunafuna ntchito, ndinapeza kuti wondifunsa mafunso akudziwa kale zinthu zimene ngakhale ana anga sindinawauze. Pamenepo, Aphunzitsi, mwalasa.

Koma sindinasiye kulankhula, ndinangosintha kalankhulidwe. Tsopano ndimasankha ndekha zoti ndinene ndi zoti ndisunge mumtima, ndimapempha malipiro monga amalipidwira katswiri wina aliyense woitanidwa, ndiponso ndimafunsa ngati ndidzakhalepo pa tsiku lomanga mfundo. Pamalo ena osungirako achinyamata panali lamulo loti wofuna kugona abweretse chiphaso kapena kalata ya kholo. Olemba lamuloli sanali anthu oipa, koma sanaganize kuti mwana wothawa usiku satenga zikalata, ndiponso kuti kholo loyenera kusaina kalatayo nthawi zina ndi lomwe akulithawalo. Titawafotokozera ife amene tinabwezedwapo pakhomo chifukwa cha lamulo lotere, analichotsa. Palibe amene analira pa msonkhano umenewo, koma ndi umene ndimaunyadira kuposa yonse.

Wophunzira za malamulo anayankha:

Mayi, zikomo chifukwa cholankhula mosabisa. Ine ndiwonjezerepo chenjezo limodzi. Amene amaitanidwa kukalankhula nthawi zambiri ndi amene anatulukamo kale m'vutoli, odziwa kuyala nkhani, ndipo mbiri yawo imathera pabwino. Omvera akhoza kupita kwawo akuganiza kuti aliyense wolimbikira amapulumuka, n'kuyamba kuona otsalawo ngati aulesi, chonsecho ena akudwala matenda a maganizo, ena anakodwa mu mankhwala osokoneza bongo, ndipo ena anangotuluka m'malo osungira ana atakwanitsa zaka 18 opanda kolowera. Munthu mmodzi sangalankhulire onsewa, n'chifukwa chake gulu la alangizi achinyamata limaposa mlendo mmodzi wolemekezeka. Ku America, madera ofuna ndalama za boma za pulogalamu yapadera yolimbana ndi vutoli amayenera kukhala ndi komiti ya achinyamata yotenga nawo mbali pokonza dongosolo lonse.

Tisaiwalenso kuti kudziwitsa anthu pakokha sikupatsa munthu denga. Dziko la Finland linachepetsa chiwerengero cha osowa pokhala chifukwa kuyambira mu 2008 linatsata njira yoti munthu ayambe wapatsidwa nyumba, mavuto enawo n'kumathana nawo ali kale m'nyumbamo.

Mphunzitsi wa sekondale anayankhanso:

Ndathokoza nonse. Mayi, ngati simukuona vuto, ndiuzeniko zizindikiro zimene aphunzitsi anu akanatha kuona pa nthawi imene ija, chifukwa ndili ndi mtsikana m'kalasi mwanga amene wayamba kubwera ndi chikwama chodzaza zovala, ndipo belu loweruka likalira amakhala womaliza kutuluka.