Goloboyi wanga akumagona msanga pa shootout

Kochi wa atsikana: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mtsikana pagolo m'timu yathu ya hockey, m'masewero amachita bwino kwambiri, ngakhale ma short corner (makona apafupi ndi golo) amawatchinga. Koma zikafika pa shootout (matimu akalepherana, wosewera mmodzi amalimbana yekha ndi goloboyi), wosewera akangogwedeza ndodo iye wagona kale. Mnzakeyo amangomuzungulira n'kukankhira mpira m'golo mopanda munthu. Panopa akuti akufuna kusiya pagolo.

Goloboyi wakale: Akochi, mwanayo akutenga shootout ngati penate ya mpira wamiyendo. Muuzeni kuti wofulumira ndi mwini mpira, osati iye. Uja wayambira pa mzere wa mamita 23 ndipo ali ndi masekondi 8 okha. Wezulo ikangolira atuluke mwachangu kukakumana naye chapafupi ndi m'mphepete mwa D (dera lozungulira kutsogolo kwa golo), achepetse liwiro asanafikane, mawondo opinda, thupi likhale pa zala zakumapazi. Kenako azibwerera naye pang'onopang'ono, maso pa mpira. Ndodo ndi mapewa zimanama.

Kochi wa atsikana: Kutuluka amatuluka, madala. Vuto ndi loti akafikana amadziponya.

Woyimbira: Kudziponyako kuli ndi mtengo wake, asisi. Akamgwetsa mnzake mwangozi timabwereza shootout, koma tikaona kuti ndi dala timapereka stroke, penate ya hockey, pa mamita 6.4 kuchokera pagolo. Mu fainolo ya amayi ya Olimpiki ku Rio mu 2016, Great Britain ndi Netherlands atalepherana 3-3, chigoli choyamba cha shootout chidabwera chonchi: goloboyi wa Netherlands adalakwira Sophie Bray wa Great Britain, mnzake Helen Richardson-Walsh n'kugoletsa stroke. Mbali inayo goloboyi wa Great Britain, Maddie Hinch, sadalole n'chimodzi chomwe pa mipata 4.

Goloboyi wakale: Hinch yemweyo ankalemba m'kabuku zomwe wosewera aliyense amakonda kuchita. Mwanayo ayambenso. Osewera a ligi yathu ndi omweomwewo, timawadziwa ndani amathawira ku reverse (kumanzere kwake, atatembenuza ndodo), ndani amatembenuka n'kukupatsa msana. Wotembenukayo ndiye wabwino, wadya yekha masekondi awiri.

Pa tireningi chitani izi: mumulande ufulu wogona. Mpaka muwerenge kufika 6 mokweza, asakhudze pansi ndi bondo. Akagona isanakwane, chiwerengeni ngati chigoli ngakhale watchinga. Adzakwiya nanu, musiyeni akwiye.

Mphunzitsi wa zamasewero: Ine ndikuonapo china. Mafunseni ngati ma kicker (zotchinga mapazi) ndi ma pad (zotchinga miyendo) akumukwana. Ana athu ambiri amavala zosiyidwa ndi anyamata akuluakulu, malamba otha. Phazi likamasewera mkati sungayende chammbali, ndiye mwana amaona kuti bola kudziponya.

Kochi wa atsikana: Apa mwalasa. Ma kicker ake amamangira ndi mphira wa tchubu cha njinga.

Goloboyi wakale: Yambani ndi zimenezo. Za kusiyazo, mukambireni za goloboyi PR Sreejesh wa ku India. Adalowa timu yaikulu mu 2006 koma adakhala pabenchi zaka zingapo asanakhazikike pagolo. Pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024, ali ndi zaka 36, India idatsala anthu 10 Amit Rohidas atapatsidwa khadi lofiira, n'kulepherana 1-1 ndi Great Britain, n'kudutsa 4-2 pa shootout. Kanema wake ali pa YouTube, aonerere mapazi okha.

Kochi wa atsikana: Zikomo nonse. Alipo ali ndi ma kicker ang'ono oti tibwereke pofika Loweruka? Malamba ndikasoketsa ndekha kwa osoka nsapato.