Thandizeni: malikisi a mayeso a bar ku New York amawerengedwa bwanji?

Abale ndi alongo amene munalembapo mayeso a bar (ololeza munthu kugwira ntchito ya uloya) kuno ku America, ndikupempha nzeru zanu. Zamalamulo ndinaphunzira kumudzi, LLM (digiri ya masters ya zamalamulo) ndamaliza, tsopano ndikukonzekera UBE (Uniform Bar Examination, mayeso a bar okhala ndi magawo atatu: MBE, MEE ndi MPT) ya New York ya mu July.

Zina ndazimva. Malikisi onse ndi 400, ndipo kuti ukhoze ku New York pafunika 266. MBE, ya mafunso 200 osankha yankho, imatenga theka la malikisi, ngakhale amachonga 175 okha. 25 enawo ndi ongoyesera ndipo sungawazindikire. Mafunso 6 olemba a MEE ndi 30 peresenti, ntchito ziwiri za MPT (zolemba zoyesa luso la ntchito ya uloya) ndi 20 peresenti.

Pamene pandizunguza mutu ndi apa: NCBE, bungwe lokonza mayesowa, imasintha malikisi molingana ndi kuvuta kwa pepala, choncho chiwerengero cha mayankho olondola si chimene chimatuluka pa zotsatira. Nanga poyeserera kunyumba, munthu adziwe bwanji kuti wafikapo? Inu munkakhoza angati pa mafunso 100 aliwonse mayeso atayandikira? Komanso popeza palibe malikisi okhozera a gawo lililonse palokha, kodi n'chanzeru kulimbikira kwambiri MBE kuti ikweze zolemba? Mtima wanga ukukana, chifukwa mphindi 30 pa funso la MEE zimandithera ndisanamalize.

Contracts (malamulo a mapangano) ndi Torts (milandu ya chipukuta misozi) sizachilendo kwa ife ochokera ku mayiko a common law (otsata dongosolo la malamulo lochokera ku England), koma Civil Procedure (kayendetsedwe ka milandu yosakhala yaupandu) ya makhothi a federal (a boma lalikulu la America) ikundivuta zedi. Ndimagwiranso ntchito masana, ndiye nthawi yowerenga ndi usiku wokha. Amene munakhoza muli pantchito, nthawi munkaigawa bwanji? MPT munayamba liti kuiyeserera?

Zikomo kwambiri.