Lolemba akandiika diripi yoyambitsa matenda, ndithandizeni maganizo

Amayi anzanga, mimba yanga yakwana masabata 41 koma matenda sakuyamba. Dzulo ku sikelo kuno ku Chawama anandipima, akuti njira ikadali yotseka, ndiye Lolemba ndipite ndi chikwama changa akandiyambitse ndi oxytocin, mankhwala ochititsa chiberekero kukoka. Mwana woyamba ndinachira bwinobwino popanda opareshoni. Tulo sindikutiona chifukwa mnzanga akuti diripi imeneyi imang'amba chiberekero. Apongozi nawo abwera kuchokera ku Katete ndi mwanamphepo m'botolo, akuti ndimwe Lamlungu usiku kuti ndikafike njira itatseguka kale. Botololo lili pansi pa bedi, sindinalikhudze. Kodi oxytocin amaika wochuluka bwanji? Ndichite mantha?

Yankho:
Ine ndine mzamba. Mayi, botololo musamwe, chonde. Mphamvu yake palibe amene anaiyeza, ndipo mukaphatikiza ndi mankhwala athu chiberekero chikhoza kukoka mopyola muyezo, mwana n'kubanika. Oxytocin timamusungunula m'diripi. Ndondomeko ya WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, imati mayuniti 2.5 m'madzi okwana 500 ml, kuyamba ndi madontho 10 pa mphindi, n'kumaonjezera pang'ono pakatha mphindi 30 zilizonse mpaka mimba izikoka katatu pa mphindi 10, kukoka kulikonse kupitirira masekondi 40. Zikafika apo sitionjezeranso. Nthawi yonseyi timamvetsera mtima wa mwana. Kukoka kukachuluka kapena kukakhala kosalekeza, timatseka diripi pomwepo. Poti njira yanu ndi yotseka, mwina ayamba ndi mankhwala ena otchedwa misoprostol kuti ifewe, oxytocin abwere patapita maola angapo. Kung'ambika kumachitikadi, makamaka kwa amene anachitidwapo opareshoni kapena anabereka kambiri, n'chifukwa chake timafunsa mbiri yanu yonse. Munthu akafuna kukubayani oxytocin pantchafu mwana asanabadwe, kanani. Jekeseni ya mayuniti 10 ija ndi ya pamene mwana watuluka, yoteteza kutaya magazi.

Yankho:
Ine anandiika chaka chatha. Kuwawa kunalipo ndithu, ndinagwira chitsulo cha bedi mpaka manja kuchita dzanzi, koma a nesi sanatalikire. Mukaona kuti mimba yauma gwa osamasuka, aitaneni msanga, musapirire.

Wofunsa:
Zikomo a nesi. Mwana akusewera bwino, ndikumumva. Akachepetsa kusewera kapena madzi akasweka ndithamangira kuchipatala osadikira Lolemba. Vuto latsala ndi apongozi. Ndiwauze bwanji osawakhumudwitsa? Abwera ulendo wonsewu ndi mtima wabwino.

Yankho:
Muwatenge Lolemba pamodzi ndi botololo, azamba akalankhule nawo okha.