Kodi tinjoka ta m'mimba mwa nalimata tingalowe mwa ana?

Mayi wa ku Mpondasi:
Abale anga, m'nyumba mwathu muli analimata ambiri, makamaka usiku akamasonkhana pafupi ndi babu kuti agwire tizilombo touluka. Dzulo mphaka wathu anapha mmodzi, ndipo m'matumbo mwa nalimatayo ndinaonamo tinjoka toyera tonga ulusi. Kodi tinjoka timeneti tingalowe mwa ana anga?

Mphunzitsi wa ku Namwera:
Mayi, musade nkhawa kwambiri. Nalimata wa m'nyumba, amene akatswiri amamutcha Hemidactylus mabouia, kawirikawiri amakhala ndi njoka za m'mimba za mtundu wa abuluzi, zomwe sizikhazikika mwa munthu. Zina amazitenga pomeza mazira otuluka m'zitosi za anzake, pamene zina zimalowa akadya tizilombo tomwe tinameza kale mazirawo. Chimene ine ndimaopa ndi zitosi zakezo, zakuda zokhala ndi kadontho koyera, chifukwa zimatha kukhala ndi tizilombo totchedwa Salmonella tomwe timatsegulitsa m'mimba, choncho muzivundikira chakudya ndi madzi akumwa.

Bambo wa ku Monkey Bay:
Aphunzitsi anena zoona, ngakhale kuti ine sindilola ana kupha analimata poti amatichepetsera udzudzu. Kuno kunyanja nyongolotsi zomwe zimatisautsa kwenikweni ndi za likodzo, zomwe zimachokera mu nkhono za m'madzi n'kulowa pakhungu mwana akamasamba.

Mphunzitsi wa ku Namwera:
Ndinaiwala za mphakayo, mayi. Amphaka odya abuluzi amatha kutenga nyongolotsi, ndiye akayamba kuwonda kapena kusanza, kaonaneni ndi alangizi a ziweto.