Mbumba ya agogo Nambewe: za Esnart ndi ana

Amalume Wyson: Abale mwadzuka. Za Esnart zafika povuta, alandilodi ku Bangwe amuuza kuti pofika pa 30 akhale atatuluka, lendi yafika miyezi inayi. Ana atatu aja agona kuti?

Chisomo: Eeh koma amayi aang'ono awona zakuda. Chikokolokere nyumba ku Chilobwe ndi Freddy mu March 2023 sanakhazikikepo, kugona mukalasi ku kampu, makampu atatsekedwa ndiye kungosamukasamuka ndi mtolo pamutu mpaka lero

Amayi Aakulu: Ine ndinanena kale kuti abwerere kumudzi. Malo a amayi ku Thyolo alipo, amfumu akuwadziwa, timange kanyumba ka zipinda ziwiri basi. Mtauni akufunamo chiyani

Chisomo: Koma amayi, Yamikani ali Standard 8, mayeso a MANEB ayandikira, timusamutse pano zoona?

Amayi Aakulu: Ku Thyolo kulibe sukulu?

Mphatso: Tisanafike kumangako tione kaye zomwe zilipo. Tinagwirizana 30 pin aliyense. Apereka ndi amalume, ine, Chisomo theka, alamu a ku Zomba. Pa Airtel Money pali K105,000. Otsalawo akudzidziwa okha sinditchula

Dalitso Joni: Ine ndatumiza R600 pa Mukuru dzulo madzulo, Mphatso taona foni. Kuno nakonso zinthu sizili bwino abale musamaone ngati rand timatola pansi

Mphatso: Yalowa achimwene, ndikatenga mawa ku Limbe

Alamu Zomba: Bola zimenezi zisayende njira ya ndalama za chiliza zija

Amalume Wyson: Alamu za chiliza zalowa bwanji apa

Alamu Zomba: Ndangonena ine

Mphatso: Ndichifukwa chake ndikumatumiza ma screenshot pano, aliyense aziona yekha

Amayi Aakulu: Ine ndinanena kale. Lendi ndi dzenje, mulipira lero mwezi wamawa alandilodi abweranso. Kumudzi salipira

Dalitso Joni: Koma mukudziwa malata ndi simenti zili pa bwanji? Chigwere kwacha ndi 44% mu November 2023 muja zinthu sizikugwirika, ndalama ilipoyi singafike ndi pa lenta pomwe. Komanso njerwa sitingaumbe mvula isanatheretu

Junior: Amene muli ku Blantyre game ya Bullets ndi Noma mukaonera kuti?

Chisomo: Junior iwe 😂

Junior: Ndangofunsa sisi

Dalitso Joni: Noma ikudyedwa imeneyo osavutika

Amalume Wyson: Pano si pabwalo la mpira. Mlongo wanga akutulutsidwa m'nyumba inu muli pa Bullets. Junior wapereka zingati?

Junior: Ikalowa ya ganyu amalume

Mphatso: Nanga amalume Frank? Uthenga akuwerenga, ndikuona kuti aona, koma zii kuyambira January

Alamu Zomba: Amene aja pa ukwati wa mwana wawo tonse tinasonkha mpaka mbuzi

Amalume Wyson: Zisiyeni, ndiwaimbira ndekha. Maganizo anga ndi awa, tilipire miyezi iwiri kuti alandilodi aziziritse mtima, Yamikani alembe mayeso ali pompo. Mu July anyamata akumudzi ayambe kuumba njerwa, August tiotche uvuni. Tiana tiwiri tating'onoto wina atitenge kaye kuti Esnart apezeko mpata wa geni yake ya tomato

Chisomo: Ine Tadala nditha kumutenga, agona ndi ine. Koma wina andithandize yunifomu

Mphatso: Nanga Pemphero?

Mphatso: Abale Pemphero atenga ndani, paja ndi wa zaka 4 zokha

Dalitso Joni: Esnart mwamufunsa koma? Mwini wake sali pa gulu pano, kafoni kake nkamabatani, tisagawane ana ngati nkhuku iye osadziwa

Amalume Wyson: Zoona. Loweruka ndipita ku Bangwe ndikakhale naye pansi, ndikaonanenso ndi alandilodi. Andiperekeza ndani? Mphatso ubwere ndi ndalamazo

Mphatso: Ndibwera, koma transport yanga isachoke pa ndalama zimenezi, ena angadzanene

Amayi Aakulu: Mukafika mumuuze kuti ine ndinanena kale