Kodi ndingafufuze bwanji m'mabuku a Nyumba ya Malamulo za ndalama za ku Likoma ndi Chizumulu?

Nabanda wa ku Mufakose

Ndikupereka moni kwa inu nonse, akuluakulu ndi abale anga. Ine ndakhala kuno ku Harare zaka zoposa 20, koma mayi anga ndi abale ambiri ali pachilumba cha Chizumulu. Mwezi wathawu mlamu wanga anadwala mwakayakaya, ndipo atafunika kupita naye kuchipatala chachikulu kumtunda, banja linauzidwa kuti mafuta a boti lonyamula odwala palibe, kotero tinasonkherana ndalama kuno n'kutumiza kuti achite hayala boti la munthu wamba mpaka ku Nkhata Bay. Tikuthokoza Mulungu kuti anachira, koma mtima wanga sunakhazikike. Ena kumudzi akuti boma linadula ndalama za khonsolo, ena akuti ndalamazo zinatuluka koma sizinafike, ndipo ine sindifuna kuloza munthu chala ndi nkhani za m'maluwa.

Ndinamva kuti chilichonse chimene aphungu amalankhula ku Lilongwe chimalembedwa m'buku lotchedwa Hansard. Ndinayesa kulifufuza pa intaneti, koma ndinapeza masamba ambirimbiri a Chingerezi osadziwa poyambira. Kodi munthu amene ali kutali chonchi angatsimikize bwanji ngati ndalama za anthu a pazilumba zinadulidwadi, ndipo zinadulidwa liti?

Phiri wa ku Highfield

Mayi Nabanda, pepani ndi matenda amene anakugwerani. Ine ndinagwira ntchito yowerengera ndalama kwa zaka zambiri, ndipo langizo langa loyamba ndi lakuti musayambire pa Hansard, chifukwa m'menemo muli mawu okhaokha, pamene kudula kwa ndalama kumabisala m'manambala. Nduna ya zachuma ikamapereka bajeti, imabwera ndi mabuku angapo, ndipo anthu ambiri amangomvera mawu a ndunayo pa wailesi n'kuthera pomwepo. Buku limene mukufuna inu ndi lija lalikulu limene limagawa ndalama m'zigawo zotchedwa mavoti, unduna uliwonse ndi nthambi iliyonse ya boma ndi voti yakeyake. Mabukuwa amaikidwa pa webusaiti ya unduna wa zachuma.

Mukalitsegula, yang'anani mizere itatu imene imayendera limodzi: ndalama zimene aphungu anavomereza chaka chatha, ndalama zimene zinakonzedwanso chaka chili mkati, ndi zimene akupempha chaka chikubwerachi. Pakati pa mzere woyamba ndi wachiwiri ndi pamene mpeni umadutsa kawirikawiri, chifukwa pakati pa chaka nduna imabwereranso ku Nyumba ya Malamulo kukaunikanso bajeti, ndipo nthawi imeneyo anthu sakhala tcheru ngati pa tsiku loyamba lija. Dziwaninso kuti chaka cha ndalama cha boma la Malawi tsopano chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Kale chinkayamba mu Julaye, ndipo posintha, chaka cha 2021/22 chinali cha miyezi 9 yokha, kotero mukachiyerekeza ndi zaka zina osakumbukira zimenezi mudzaona kudula kumene kulibe.

Chinthu china n'chakuti mafuta a boti simudzawapeza pansi pa unduna wa zaumoyo wokha. Ndalama zoyendetsera zipatala za m'maboma zimadzera ku makhonsolo, kudzera ku komiti yoona za chuma cha maboma aang'ono imene imadziwika kuti NLGFC, ndipo zimalembedwa pa gawo lotchedwa ORT, kutanthauza ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku kupatula malipiro. Mafuta, chakudya cha odwala, kukonza galimoto ndi maboti, zonsezi zili m'menemo. Boma likapanikizika silithamangira kudula malipiro a antchito, chifukwa phokoso lake limakhala lalikulu, koma limafinya gawo limeneli mwakachetechete. Ndiye ngakhale mizere itatu ija itaoneka bwino, funso lotsala ndi lakuti Treasury, nthambi yosunga ndi kutulutsa ndalama za boma, inatulutsa zingati mwezi ndi mwezi, popeza ndalama yovomerezedwa papepala si ndalama imene yalowa mu akaunti ya khonsolo.

Mphunzitsi wa ku Dzivarasekwa

Bambo Phiri afotokoza bwino, koma ndiloleni ndisiyane nawo pang'ono pa nkhani ya Hansard, popeza ine kwathu ndi ku Likoma komweko ndipo ndakhala ndikuwerenga zokambirana za aphungu kwa nthawi ndithu. N'zoona kuti muli mawu, koma ndi mawu amene munthu sangawakane mawa. Phungu akafunsa nduna za doko, za boti la odwala kapena za sitima, yankho la ndunayo limalembedwa ndi tsiku lake, ndipo chaka chotsatira mukhoza kuika yankholo pambali pa manambala amene a Phiri akunena n'kuona ngati lonjezo linasanduka ndalama. Malo abwino kuwerenga ndi pamene Nyumba yonse imakhala ngati komiti yovomereza mavoti imodzi imodzi, komanso malipoti a magulu a makomiti amene amaunika bajeti isanavomerezedwe. Pamenepo mudzaonanso ngati voti inadutsa popanda ndi mmodzi yemwe kutchula za zilumba, ndipo kukhala chete kumeneko kumaphunzitsa zambiri.

Chimene chimandipweteka ine ndi ichi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 14,527 m'boma lonse la Likoma, ndipo ndi boma laling'ono kuposa onse m'Malawi, lokhala ndi phungu mmodzi yekha. Ndalama zikamagawidwa poyang'ana kuchuluka kwa anthu, ife timaoneka ngati tikulandira zokwanira, mwinanso zoposa anzathu pa munthu mmodzi, koma nyanja siwerengedwa. Thumba la simenti, bokosi la mankhwala, buku la kusukulu ndi dizilo, chilichonse chimawoloka madzi chisanafike, ndipo zilumbazi zazunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique. Sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, ikapita kokonzedwa ku Monkey Bay, anthu amadalira maboti ang'onoang'ono, ndipo m'miyezi ya mphepo ya mwera ulendo umenewo ndi woika moyo pachiswe. Chipatala chachikulu pachilumba, cha St Peter's, ndi cha mpingo wa Anglican ndipo chili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, kotero thandizo la boma limafikako kudzera m'malipiro a antchito ndi m'mapangano apadera, zimene muyenera kuzifufuza pazokha.

Musaiwalenso mphamvu ya kwacha. Ndalama yathu inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nduna ikhoza kuimirira n'kunena moona kuti ndalama za khonsolo zakwera, koma ngati zakwera pang'ono kuposa mtengo wa dizilo, malita amene boti lingagule achepa, ndipo kumeneko ndi kudula ndithu ngakhale palibe amene anakutchula. Ine ndimatenga ndalama ya chaka chilichonse n'kuigawa ndi mtengo wa lita imodzi wa chaka chimenecho, umene bungwe loona za mafuta ndi magetsi la MERA limalengeza, kuti ndione maulendo enieni a boti. Abale athu a pachilumba cha Chisi, pa nyanja ya Chilwa, vuto lawo n'lovutirapo kulipeza, chifukwa iwo amawerengedwa mkati mwa boma la Zomba ndipo alibe mzere wawo m'mabukuwa.

Mdzukulu wa ku Mbare

Makolo anga, ine ndine wamng'ono pakati panu, koma ndingathandizepo pa kafufuzidwe. Mayi, mukatsitsa fayilo ya Hansard pa kompyuta, musaiwerenge kuyambira tsamba loyamba, koma gwiritsani ntchito kabokosi kofufuzira mawu, ndipo muyese maina angapo: Likoma, Chizumulu, Ilala, Nkhata Bay, ndi mawu a Chingerezi otanthauza doko kapena boti, chifukwa malamulo a dziko amati zokambirana za m'Nyumbamo zizichitika m'Chingerezi. Mafayilo ena akale ndi zithunzi chabe za mapepala, ndipo amenewo kabokosiko sikapezamo kanthu ngakhale mawuwo alimo, choncho musafulumire kunena kuti nkhaniyo sinakambidwe. Chilichonse chimene mwapeza, lembani tsiku, tsamba ndi dzina la wolankhula.

Pa funso la a Phiri lija la ndalama zimene zinatulukadi, pali njira ya lamulo. Gawo 37 la malamulo oyendetsera dziko limapereka ufulu wopeza zimene boma likusunga, ndipo lamulo lapadera la ufulu umenewu linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, pansi pa uyang'aniro wa bungwe la Malawi Human Rights Commission. Mukhoza kulembera khonsolo kupempha ndandanda wa ndalama za zaumoyo zimene inalandira mwezi uliwonse, ndipo kalatayo imakhala yamphamvu ikatchula chaka ndi gawo lenileni m'malo mofunsa za ndalama zonse. Malipoti a Auditor General, mkulu wolondoloza momwe ndalama za boma zagwirira ntchito, nawo amathandiza poona ngati ndalama zinagwira ntchito yake, ngakhale amatuluka patapita nthawi.

Nabanda wa ku Mufakose

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Bambo Phiri, ndapeza kale mabuku a zaka ziwiri, ndipo ndaona mizere itatu imene munanena ija, ngakhale gawo la makhonsolo likundisokonezabe. Ngati mungalole, ndibwera nawo ku Highfield Loweruka likubwerali tikatuluka ku msonkhano wa bungwe lathu la maliro, kuti tikaunike limodzi. Aphunzitsi, ndikupemphani munditumizire masiku a zokambirana zimene munawerenga zokhudza boti la odwala, kuti ndisayambirenso pachiyambi. Kalata yopita ku khonsolo ndilemba ine, koma ndalankhula ndi achimwene anga ku Chizumulu kuti akaipereke pamanja ndi kusainitsa kuti yalandiridwa, ndipo anena kuti akambirananso ndi a komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwathu kuti maina awo akhalepo.